Update Ikakulandani Chimene Munagula Kale, Wolipira Ndani?

Nkhani yathu lero ikuyambira pa cheke cha madola 10 ndi masenti 7.

Chakumapeto kwa chaka cha 2018, anthu ambirimbiri ku America analandira ndalama imeneyi kuchokera ku kampani ya Sony. Chinali chipukuta misozi pa mlandu umene unakhala m'makhoti zaka zisanu ndi zitatu. Mlanduwo unali wokhudza PlayStation 3, makina osewerera magemu amene pofika pamsika mu Novembala 2006 ankagulitsidwa pa madola 499 kapena 599. Makinawo sanagwe pansi, sanalowe madzi, ndipo sanapse ndi magetsi. Chimene chinawasintha ndi pulogalamu yatsopano imene kampani yomweyo inatumiza kudzera pa intaneti, imene osewera amaitchula kuti update.

Kale gemu inkabwera yathayitha pa katiriji kapena pa CD, ndipo mmene inalili tsiku logula ndi mmene inkakhalira mpaka kutha kwake. Lero zinthu zinatembenuka. Gemu ndi makina ake zimalumikizidwa ku likulu la kampani, ndipo pakangopita milungu ingapo kumabwera uthenga wakuti pali zatsopano zoti mulowetse. Nthawi zambiri update imathandiza: imakonza pamene gemu inkakakamira, imatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Koma njira yomwe imabweretsa mankhwala ndi yomwenso imatha kuchotsa chinthu chimene munthu analipira ndi ndalama zake.

Taganizirani mnyamata amene wagula njinga ya kabaza chifukwa cha kaliyala wake wolimba. Patatha zaka zitatu, wogulitsa uja akubwera ndi sipanala, akumasula kaliyalayo, n'kunena kuti wamva kuti anthu ena amanyamulirapo katundu wakuba. Pabwalo la amfumu mlandu wotere sungafike madzulo. Ku California unatenga zaka zisanu ndi zitatu.

PlayStation 3 yoyambirira inali ndi chinthu chotchedwa Other OS. Chinkalola mwini wake kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, kotero kuti makina a magemu aja ankasanduka kompyuta yeniyeni. Si anthu onse amene ankachigwiritsa ntchito, koma amene ankachidziwa anachikonda kwambiri, chifukwa makinawo anali amphamvu kuposa mtengo wake. Katswiri wa sayansi Gaurav Khanna wa pa yunivesite ya Massachusetts Dartmouth analumikiza makina angapo otere n'kumawerengera masamu a zinthu zam'mlengalenga. Nthambi yofufuza ya asilikali a m'ndege a ku America, ku Rome m'chigawo cha New York, inalumikiza ma PlayStation 3 okwana 1,760 n'kupanga kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa Condor Cluster.

Mu Januwale 2010, mnyamata wina wodziwika pothyola mapulogalamu, George Hotz, analengeza kuti wapeza njira yolowera mkati mwenimweni mwa makinawo, ndipo khomo limene anadzera linali Other OS. Pa 1 Epulo chaka chomwecho, Sony inatulutsa update ya nambala 3.21, imene inachotseratu Other OS. Chifukwa chimene inapereka chinali chitetezo.

Kampaniyo inati palibe amene akukakamizidwa. Mawu amenewa ndi amene anapsetsa anthu mtima kwambiri. Wovomera update ankataya Linux. Wokana ankatsekeredwa kunja kwa PlayStation Network, kutanthauza kuti sakanasewera ndi anzake pa intaneti, ndiponso magemu atsopano ofuna pulogalamu yatsopanoyo sakanatseguka. Munthu amene anagula makina ochita zinthu ziwiri anauzidwa kuti asankhepo chimodzi.

Mwezi womwewo usanathe, anthu anayamba kukasuma kukhoti la boma la kumpoto kwa California, ndipo madandaulo awo anaphatikizidwa kukhala mlandu umodzi woimira onse amene anagula makinawo. Maloya a Sony anaima pa mfundo yakuti kampaniyo sinalonjeze aliyense kuti Other OS idzakhalapo mpaka kalekale, komanso kuti PlayStation Network ndi yawo ndipo ali ndi ufulu woika malamulo a wolowamo. Mu Disembala 2011, jaji Richard Seeborg anauthetsa mlanduwo. Iye anavomereza kuti kukhumudwa kwa ogulawo kunali komveka, ndipo anakayikira ngati zimene Sony inachita zinali zanzeru pa nkhani yosunga makasitomala, koma anati odandaulawo alephera kusonyeza lamulo limene laphwanyidwa.

Odandaulawo anachita apilo, ndipo mu Januwale 2014 khoti la apilo la Ninth Circuit linadzutsanso mbali zina za mlanduwo, makamaka zokhudza malamulo a California oletsa kusocheretsa ogula. Mfundo yake inali yakuti ngati kampani inatsatsa makinawo ngati kompyuta, munthu wanzeru zake akanatha kuyembekezera kuti adzakhalabe kompyuta pa moyo wawo wonse.

Mu 2016 mbali ziwirizi zinagwirizana zothetsa nkhaniyi kunja kwa khoti. Amene akanapereka umboni wakuti anaikadi Linux akanalandira madola 55, ndipo ena madola 9. Koma umboni wofunikawo unali wovuta kuupeza patatha zaka zisanu ndi chimodzi, motero amene anapempha ndalamazo anali ochepa kwambiri, pamene maloya ankayembekezera madola 2.25 miliyoni. Kumayambiriro kwa 2017, jaji Yvonne Gonzalez Rogers anakana mgwirizanowo. Wachiwiri unali wa madola 3.75 miliyoni, ndipo anthu anauzidwa kuti atha kulandira mpaka madola 65 aliyense. Atachotsa za maloya ndi zoyendetsera, n'kugawa zotsalazo kwa onse amene anapempha, aliyense anapeza madola 10 ndi masenti 7 aja.

Chimene chimapweteka pa mathero amenewa si kuchepa kwa ndalama kokha. Sony sinavomere kulakwa, ndipo popeza mlanduwo unatha mwa mgwirizano, palibe khoti limene linagamula kuti kampaniyo inali ndi ufulu kapena ayi. Funso limene anthu anapita nalo kukhoti anabwera nalo chomwecho.

Kutsidya la nyanja zinayenda mwamsanga. Mu Epulo 2010 momwemo, wogula wina ku Britain anadandaula ku Amazon, kumene anagula makina ake, potchula lamulo la European Union la 1999 lonena kuti katundu ayenera kufanana ndi mmene wogulitsa anamufotokozera. Anamubwezera mapaundi 84, makinawo n'kukhalabe ake. Anali munthu mmodzi, ndipo sichinali chigamulo cha khoti, koma kusiyana kwake kukuphunzitsa kanthu: kumene lamulo limaika udindo pa wogulitsa, wogula amadziwa khomo loti agogodepo.

Kodi makampani amadalira chiyani akamachita zotere? Amadalira chikalata chachitali chija chimene chimatuluka pa sikirini munthu asanayambe kusewera, chimene pafupifupi aliyense amangochidutsa n'kudina povomereza. M'menemo mumalembedwa kuti gemuyo simunaigule, mwangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo mwini wake atha kuisintha nthawi iliyonse. Mu Epulo 2011, khoti lalikulu la America, pa mlandu wa AT&T Mobility ndi banja la Concepcion, linalola makampani kulemba m'mapangano awo kuti makasitomala sadzasuma ngati gulu. Sony sinachedwe. Mu Seputembala chaka chomwecho inaika mfundo yotero m'malamulo a PlayStation Network, ndipo wosafuna anayenera kulemba kalata ya papepala pasanathe masiku 30. Munthu mmodzi sangalembe loya chifukwa cha gemu ya madola 60, ndiye kutseka njira ya gulu kuli ngati kutseka khoti lenilenilo.

Nkhani za mtundu umenewu sizinathere pa PlayStation 3. Mu Januwale 2020, kampani ya Psyonix, imene Epic Games inali itangoigula chaka chapitacho, inalengeza kuti gemu yake ya mpira wa magalimoto, Rocket League, idzaleka kuseweredwa pa intaneti pa makompyuta a Mac ndi Linux kuyambira mu Malichi. Inati ikufuna kusamukira ku luso latsopano la zithunzi, ndipo osewera a makompyuta amenewo anali 0.3 peresenti yokha. Inalonjeza kubweza ndalama, ngakhale poyamba panali chisokonezo chifukwa lamulo la sitolo ya Steam limalola kubweza pasanathe masiku 14 komanso ngati munthu wasewera maola osakwana awiri, pamene anthuwa anali atasewera zaka.

Kampani ya Valve nayo, mu Seputembala 2023, inaika Counter-Strike 2 m'malo mwa gemu yakale ya Counter-Strike: Global Offensive. Eni makompyuta a Mac ndi makompyuta akale anatsala panja. Kampaniyo inati iwo sanafike ngakhale 1 peresenti ya osewera, inapereka mwayi wobweza ndalama kwa ena mwa iwo, ndipo inasiya gemu yakaleyo kuti ipezekebe kwa kanthawi.

Ena sanapite patali chomwecho pothandiza ogula. Mu Seputembala 2024, Rockstar inaika pulogalamu yogwira achinyengo yotchedwa BattlEye mu Grand Theft Auto V, ndipo kuchokera tsiku limenelo eni Steam Deck, kamakina ka m'manja koyendera Linux, sanathenso kulowa mu GTA Online, mbali ya gemuyo yoseweredwa pa intaneti. Mwezi wotsatira, Electronic Arts inatsekera kunja osewera a Linux mu Apex Legends pa chifukwa chomwecho. Apex Legends imaseweredwa mwaulere, koma anthu amagulamo zovala ndi zida za anthu a m'gemumo ndi ndalama zenizeni. Khomo likatsekeka, zogulazo zimatsalira mkati.

Palinso zipangizo zolumikiza ku makina. Kuyambira pa 12 Novembala 2023, Microsoft inayamba kuletsa mapadi ndi zipangizo zina zopanda chilolezo chake pa Xbox, ndipo inalangiza eni ake kuti akazibweze kumene anazigula. Amene anadandaula kwambiri ndi osewera aulumali, amene ena mwa iwo amadalira zipangizo zopangidwa mogwirizana ndi matupi awo. Microsoft inati padi yake ya Xbox Adaptive Controller ndi zolumikizidwa kwa iyo sizikhudzidwa, koma kwa munthu amene anazolowera chipangizo china, kumuuza kuti akachibweze kusitolo n'kumuuza kuti asiye kusewera.

Tisawaweruze makampaniwa tisanawamve. Achinyengo alipodi, ndipo amawononga masewera a anthu mamiliyoni. Akuba a pa intaneti nawo sagona. Kusamalira gemu imodzi pa makina amitundumitundu kumadya ndalama ndi nthawi ya akatswiri, ndipo palibe luso limene lingaime malo amodzi chifukwa cha kompyuta ya zaka khumi zapitazo. Zifukwa zimenezi n'zoona. Koma chifukwa chikakhala chabwino, sindiye kuti ngongole yatha. Ngati okhudzidwawo ndi 0.3 peresenti yokha, ndiye kuti kuwabwezera ndalama zawo n'kotchipa. Kuchepa kwawo kumene kampani imakutchula podziteteza ndi komwenso kukuichotsera chowiringula.

Vuto lina lili pa kupeza wolakwa makina akawonongekeratu. Mu Julayi 2021, pamene Amazon inkayesa gemu yake ya New World isanatuluke, makadi ena a zithunzi a RTX 3090 opangidwa ndi EVGA anafa anthu akusewera. Makadi a mtundu umenewu ankayambira pa madola 1,499. Anthu analoza chala gemuyo. Amazon inati gemu yake ilibe vuto, komabe inachepetsa liwiro la zithunzi pa tsamba loyambira. EVGA inasinthira anthu makadi awo, ndipo itafufuza inapeza kuti makadi ochepa anali osawotcheredwa bwino kufakitale. Gemu ndi imene inaonetsa chilemacho, koma chilemacho chinali m'khadi. M'kompyuta imodzi mumakumana ntchito za makampani asanu kapena kuposa, ndipo aliyense angathe kuloza mnzake. Wogula wamba alibe zida zotsimikizira amene akunena zoona.

Malamulo ayamba kuthamangira kuti apeze luso limeneli, ndipo Ulaya ndiye ali patsogolo. Ku Britain, lamulo la ufulu wa ogula la 2015 linazindikira magemu, nyimbo ndi mapulogalamu ngati katundu wa mtundu wakewake. Ndime 46 ya lamuloli imati pulogalamu ikawononga makina a wogula kapena mapulogalamu ake ena, ndipo zikaoneka kuti sizikanachitika wogulitsa akanasamala mokwanira, iye ayenera kukonza kapena kulipira.

European Union inafika pa mtima penipeni pa nkhaniyi ndi lamulo la nambala 2019/770, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Ndime 19 imalola kampani kusintha gemu kapena pulogalamu imene ikuperekedwa kwa nthawi yaitali, koma pali zoyenera kukwaniritsa: pangano likhale litalola zimenezo pa chifukwa chomveka, wogula asalipire zina, ndipo auzidwe momveka bwino. Ngati kusinthako kukumupweteka kwambiri pa kagwiritsidwe ntchito, ali ndi masiku 30 othetsa panganolo popanda kulipira kanthu. Kampani ingapewe zimenezi pokhapokha itamulola kusunga pulogalamu yakaleyo ikugwirabe ntchito bwino. Lamuloli silimanga manja akatswiri. Limangonena kuti amene wasankha kusintha ndi amene asenze mtengo wa kusinthako.

Mu 2024 bungweli linakonzanso lamulo lake la katundu wachilema, ndipo tsopano pulogalamu ya kompyuta ikuwerengedwa ngati katundu, pamodzi ndi ma update ake. Lidzakhudza zinthu zofika pamsika pambuyo pa 9 Disembala 2026. Koma lamulo limeneli ndi la kuvulala kwa munthu, kuwonongeka kwa katundu ndi kutayika kwa zosunga m'kompyuta. Gemu yongokana kutseguka siili m'gulu limenelo.

Kuti boma lingalange kampani chifukwa cha update zinaoneka ku Italy mu Okutobala 2018, ngakhale nkhaniyo inali ya mafoni. Bungwe loona za mpikisano pa malonda linalipiritsa Apple chindapusa cha mayuro 10 miliyoni ndi Samsung mayuro 5 miliyoni, litapeza kuti anakakamiza anthu kuika ma update amene anafooketsa mafoni akale osawachenjeza mokwanira.

Nkhani ya ku Australia ndiyo yofunika kuimvetsera kwa anthu a mayiko akutali ndi malikulu a makampaniwa. Bungwe loteteza ogula m'dzikomo la ACCC litasumira Valve chifukwa chouza ogula kuti ndalama sizibwezedwa, kampaniyo inati ili ku America ndipo sichita malonda ku Australia. Khoti linakana, n'kunena kuti wogulitsa kwa anthu a m'dzikomo ali pansi pa malamulo a dzikomo. Mu 2016 Valve inalipiritsidwa madola a ku Australia 3 miliyoni. Mu 2020 nthambi ya Sony ya ku Ulaya inalipiritsidwa madola a ku Australia 3.5 miliyoni pa mlandu wofanana.

Ku America zikuyenda pang'onopang'ono. Ubisoft itazimitsa gemu ya magalimoto ya The Crew kumapeto kwa Malichi 2024, n'kuisiya yosasewereka ngakhale kwa amene anagula CD, kunabuka gulu la Stop Killing Games lotsogoleredwa ndi Ross Scott, ndipo pempho lake ku European Union linapitirira masiginecha 1 miliyoni mu Julayi 2025. California inakhazikitsa lamulo la AB 2426, logwira ntchito kuyambira pa 1 Januwale 2025, loletsa masitolo a pa intaneti kulemba kuti munthu akugula popanda kumuuza kuti akungolandira chilolezo. Ndi sitepe yabwino, koma yaifupi. Lamulolo limauza wogula zoona za mmene alili wopanda mphamvu, osamupatsa mphamvuyo.

Kwa omvera athu kuno kwathu, nkhaniyi ili ndi mbali ina yowawa. Makina ambiri a magemu amafika ndi abale ochokera ku Joni kapena ku Britain, ena amagulidwa kwa munthu amene anawagwiritsapo kale ntchito, opanda lisiti. M'matauni ndi m'misika yathu muli achinyamata amene amapeza chakudya posewetsa anzawo mpira pa PlayStation. Kwa iwo, padi ikaleka kugwira ntchito chifukwa cha update, ndiye kuti bizinesi yaima tsiku limenelo. Malamulo a ku Ulaya amateteza wogula wa ku Ulaya, ndipo cheke cha Sony chija chinali cha amene anagula makina awo ku America. Ku Malawi kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula, ndipo dandaulo limamveka bwino ngati pali sitolo yodziwika ndi umboni wa malondawo.

Chigamulo chathu n'chakuti kampani ili ndi ufulu woteteza gemu yake, koma ilibe ufulu wolipiritsa wogula mtengo wa chitetezocho. Ikachotsa chimene inatsatsa, ibweze ndalama kapena isiye pulogalamu yakale ikugwira ntchito, ndipo ichite zimenezi kwa wogula wa ku Lilongwe monga ingachitire kwa wa ku Berlin.

Pakali pano, inu amene mukumvera, mukagula makina kapena gemu m'sitolo, funsani lisiti ndipo mulisunge. Jambulani tsamba limene likunena makina amene gemuyo imagwirapo ntchito, chifukwa tsamba limenelo kampani itha kulisintha mawa. Ngati padi yanu si ya kampani yomwe inapanga makinawo, werengani kaye zimene update ikusintha musanadine povomereza, ngakhale ma update a chitetezo si oyenera kuwakana mpaka kalekale. Ndipo gemu ikaleka kutseguka pambuyo pa update, lembani dandaulo lanu tsiku lomwelo, mutchule tsiku ndi nambala ya update imeneyo, n'kupempha kuti akubwezereni ndalama zanu.